Mmene Mungagwiritsire Ntchito Chithunzi cha Wojambula Wina pa Intaneti Popanda Kuphwanya Ufulu Wake

Anthu oyendetsa mawebusaiti, masamba a mabungwe ndi masamba a malonda amandifunsa funso limodzi mobwerezabwereza: "Ndapeza chithunzi chabwino pa intaneti, kodi ndingachigwiritse ntchito ndikangolemba dzina la amene anachijambula?" Ndaliyankha kokwanira pakamwa ndi pa imelo, choncho ndaona kuti ndi bwino kulemba yankho lonse pamalo amodzi. Yankho lalifupi ndi lakuti ayi. Kulemba dzina la wojambula ndi ulemu woyenera, koma si chilolezo. Chilolezo chimachokera kwa mwini chithunzicho yekha, kaya wachipereka kwa inu mwachindunji kapena wachipereka kwa anthu onse kudzera mu laisensi. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko pa mfundo zina, ndipo pamene pali ndalama zambiri kapena mlandu muyenera kuonana ndi loya wa m'dziko lanu, koma ndondomeko ili m'munsiyi imagwira ntchito pafupifupi kulikonse.

1. Vomerezani kaye kuti chithunzicho chili ndi mwini wake

Ufulu wa umwini, umene ambiri amangoutchula kuti kopiraiti, umayamba pa nthawi imene wojambula wadina batani la kamera. Sipafunika kulembetsa chithunzicho ku ofesi iliyonse, sipafunika chizindikiro cha ©, ndiponso sipafunika kuti dzina la wojambula lioneke pakona pake. Mfundo imeneyi ili m'pangano la ku Berne, limene linasainidwa koyamba mu 1886 ndipo lero likutsatidwa ndi mayiko oposa 180. Pangano lomwelo limalamula dziko lililonse limene lili m'panganolo kuteteza ntchito za anthu a mayiko ena monga mmene limatetezera za nzika zake, kotero kuti kukhala kutali ndi wojambulayo sikungakupulumutseni. Ufuluwu umakhalitsanso: m'mayiko ambiri umatha patapita zaka 50 kapena 70 wojambulayo atamwalira, kutanthauza kuti pafupifupi chithunzi chilichonse chojambulidwa ndi foni kapena kamera ya masiku ano chikadali chotetezedwa.

Cholakwa chofala ndi kuganiza kuti chimene chili poyera, chimene aliyense angachione ndi kuchitsitsa mosavuta, n'chopanda mwini. Njinga yoimikidwa panja popanda loko sikhala ya aliyense wodutsa. Mu 2018 khoti lalikulu la European Union linaweruza mlandu wa Dirk Renckhoff, wojambula amene analola webusaiti ina ya zaulendo kuika chithunzi chake cha mzinda wa Córdoba ku Spain. Mwana wa sukulu ina ku Germany anachitsitsa n'kuchiika mu ntchito yake ya m'kalasi, ndipo sukuluyo inaika ntchitoyo pa webusaiti yake. Panalibe malonda alionse, mwanayo anatchula ngakhale kumene anachitenga, komabe khoti linati kukopera chithunzi n'kuchiika pa webusaiti ina kumafuna chilolezo chatsopano. Kumbukiraninso kuti Google ndi Pinterest zimangokuonetsani zithunzi za anthu ena. Sizingakupatseni chilolezo pa zinthu zimene si zawo.

2. Lembani zimene mukufuna kuchita ndi chithunzicho

Musanafunse munthu aliyense, lembani pa pepala malo amene chithunzicho chikaikidwe, nthawi imene chikakhalepo, ngati chikathandiza kugulitsa katundu kapena kupempha ndalama, ndiponso ngati mudzachidula, kuchisintha mitundu kapena kulembapo mawu. Gawo limeneli silitenga nthawi, koma mayankho ake ndi amene adzakuuzeni ngati laisensi imene mwapeza ikukukwanirani, ndiponso ndi amene wojambula adzafuna kumva asanatchule mtengo.

3. Pezani mwini wake weniweni

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangoti "pemphani chilolezo kwa mwini wake" n'kupitirira, ngati kuti mwini wakeyo amadziwika nthawi zonse. Chithunzi chimene chafika pa sikirini yanu nthawi zambiri chimakhala chitadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo amene mwachiona patsamba pake angakhale womaliza chabe pa mzere wa anthu okopera. Chilolezo chochokera kwa munthu wopanda ufulu n'chopanda ntchito, ngakhale atachipereka ndi mtima wabwino.

Yambani ndi kufufuza pogwiritsa ntchito chithunzi chenichenicho m'malo mwa mawu. Chiikeni mu TinEye kapena Google Lens, ndipo mudzaona masamba ena amene chilipo. Fufuzani zinthu ziwiri: kumene chinaikidwa kale kwambiri, ndi kumene chili chachikulu komanso chooneka bwino kwambiri. Okopera amakonda kuchepetsa chithunzi kapena kuchidula m'mbali, pamene wojambula amakhala ndi chathunthu, ndipo kawirikawiri patsamba pake pamakhalanso zithunzi zina za malo omwewo ndi tsiku lomwelo. Mukapeza chithunzi chanucho pakati pa zinzake zotero, mwayandikira kwa mwini wake.

Kenako yang'anani m'kati mwa fayilo. Zithunzi zambiri zimasunga mbiri yake yobisika, imene akatswiri amaitchula kuti metadata. Mbali yotchedwa EXIF imalembedwa ndi kamera ndipo imasonyeza tsiku ndi mtundu wa kamera, pamene mbali yotchedwa IPTC imalembedwa ndi wojambula kapena kampani yake ndipo imakhala ndi dzina, mawu a kopiraiti, nthawi zina ndi njira yolumikizirana naye. Mungaziwerenge potsegula tsatanetsatane wa fayiloyo pa kompyuta. Mukapeza mulibe kanthu musadabwe ndipo musasangalale, chifukwa masamba ambiri a mchezo amafufuta mbiri imeneyi chithunzi chikamaikidwa. Onaninso m'makona ngati muli watermark, chomwe ndi chidindo cha dzina kapena chizindikiro chimene wojambula amaika pamwamba pa chithunzi, ndipo werengani timawu ting'onoting'ono timene nyuzipepala zimalemba pansi kapena pambali pa zithunzi. Mukaona mayina awiri olekanitsidwa ndi kamzere, loyamba limakhala la wojambula ndipo lachiwiri la kampani imene imagulitsa zithunzi zake, monga Reuters, AP kapena Getty Images. Zikatero, pempho lanu lipite ku kampaniyo.

Mutapeza dzina, patsala funso lina limene anthu ambiri salifunsa: kodi ufulu ukadali m'manja mwa wojambulayo? Ngati anajambula ali pa ntchito yolembedwa, mwachitsanzo ku nyuzipepala, malamulo a mayiko ambiri amapereka ufuluwo kwa womulemba ntchito. Ngati ndi wodziimira payekha, nthawi zambiri ufulu umakhalabe wake ngakhale kuti wina anamulipira kuti ajambule, pokhapokha pangano lawo kapena lamulo la dzikolo litanena zina. Ichi n'chifukwa chake munthu amene ali pachithunzi, kapena kampani imene inaitana wojambula ku mwambo wake, sangakuuzeni mwachisawawa kuti "tengani, n'chathu". Iwo angakhale ndi chilolezo chochigwiritsa ntchito okha, osati chogawira ena. Choncho funsani mosapita m'mbali: kodi ndinu amene munajambula chithunzichi, ndipo kodi muli ndi mphamvu yondilola kuchigwiritsa ntchito?

Ngakhale akatswiri amagwa pamenepa. Mu Januwale 2010, chivomerezi chitagwedeza dziko la Haiti, wojambula Daniel Morel anaika zithunzi zake pa Twitter. Munthu wina anazikopera n'kuziika patsamba pake ngati zake, ndipo bungwe lofalitsa nkhani la AFP linazitenga n'kuzigawa limodzi ndi Getty Images, poyamba zili ndi dzina lolakwika. Mu 2013 khoti la ku New York linalamula kuti Morel apatsidwe madola 1.2 miliyoni. Anthu akale ankati safunsa anadya phula, koma pa nkhani ya zithunzi ndikuwonjezera kuti wofunsa munthu wolakwika amadyanso phula lomwelo.

Nanga mukafufuza mokwanira koma mwini wake osapezeka? Kulephera kumupeza sikukupatsani ufulu uliwonse. Mawu amene anthu amalemba pansi pa zithunzi, onga akuti "chithunzi si changa" kapena "ulemu upite kwa mwini wake", alibe mphamvu iliyonse pa lamulo, ndipo amangosonyeza kuti munkadziwa kuti mukugwiritsa ntchito chinthu cha wina. Mayiko ochepa ali ndi njira yapadera. Ku United Kingdom, kuyambira mu 2014, boma limapereka laisensi ya ntchito zimene eni ake sakupezeka, koma munthu amayenera kusonyeza kuti wafufuza mwakhama, ndipo laisensiyo imagwira ntchito m'dziko lomwelo basi. Kwa ambiri a ife, njira yanzeru ndi kusiya chithunzicho n'kufuna china.

4. Onani ngati chilolezo chinaperekedwa kale

Ojambula ena amalola anthu onse kugwiritsa ntchito zithunzi zawo pa mfundo zodziwika, ndipo ambiri amatero kudzera m'malaisensi a Creative Commons, amene anatuluka koyamba mu 2002 ndipo amapezeka kwambiri pa masamba osungirapo zithunzi a Flickr ndi Wikimedia Commons. Malaisensiwa alipo asanu ndi limodzi, opangidwa posakaniza zizindikiro zinayi. BY imatanthauza kuti mutchule wojambula, ndipo ili m'malaisensi onse. NC imaletsa kugwiritsa ntchito chithunzi pofuna phindu la malonda. ND imaletsa kufalitsa chithunzi chimene mwachisintha. SA imati mukachisintha, chotulukapocho muchipereke kwa ena pa laisensi yomweyo. Palinso CC0, imene wojambula amagwiritsa ntchito posiya ufulu wake wonse mmene lamulo lingalolere.

Laisensi yotere ndi pangano, ndipo mukaphonya mfundo zake mumafanana ndi munthu amene alibe chilolezo. Kulemba kuti "chithunzi: Flickr" sikokwanira. Lembani dzina la wojambula, mutu wa chithunzicho ngati ulipo, linki ya kumene mwachitenga, dzina la laisensi pamodzi ndi linki yake, ndipo nenani ngati mwasinthapo kanthu. Yang'ananinso nambala ya laisensiyo: ya 4.0, imene inatuluka mu 2013, imakupatsani masiku 30 okonza cholakwa kuchokera pamene mwachizindikira, koma zakale zilibe mwayi umenewo. Pa NC ndimalangiza kusamala kwambiri, popeza malire a malonda sadziwika bwino nthawi zonse. Ngati webusaiti yanu ili ndi zotsatsa malonda kapena ndi ya kampani, funsani wojambulayo m'malo modziweruzira nokha mokomera mbali yanu. Ndipo musaiwale gawo lachitatu lija, chifukwa munthu angathe kuika chithunzi chakuba pa intaneti n'kulembapo laisensi ya Creative Commons, ndipo laisensi yoteroyo siteteza aliyense.

M'makampani ogulitsa zithunzi mudzakumana ndi mawu akuti royalty-free, amene asokoneza anthu ambiri. Satanthauza kuti chithunzi n'chaulere, koma kuti mumalipira kamodzi n'kumachigwiritsa ntchito kangapo mkati mwa malire a laisensi. Rights-managed ndi laisensi ya ntchito imodzi yodziwika, pa malo ndi nthawi zimene mwagwirizana. Chithunzi cholembedwa kuti editorial ndi chogwiritsa ntchito pa nkhani ndi maphunziro, osati potsatsa malonda. Unsplash, Pexels ndi Pixabay zimapereka zithunzi zaulere pa malaisensi awoawo, amene ali ndi zoletsa zake, monga kugulitsa chithunzi mmene chilili, choncho awerengeni.

Ena amadumpha zonsezi ponena kuti ndi fair use, mfundo imene nthawi zina imalola kugwiritsa ntchito chinthu cha wina popanda kupempha chilolezo. Mfundo imeneyi ndi ya m'lamulo la ku United States la 1976, ndipo khoti ndi limene limaiyeza mlandu utayamba kale, poona cholinga cha wogwiritsa ntchito, mtundu wa ntchitoyo, kuchuluka kwa zimene zatengedwa, ndi mmene zikukhudzira msika wa mwini wake. Mayiko ena ali ndi mfundo zopapatiza kwambiri. Lamulo la ku United Kingdom la 1988, mwachitsanzo, limalola kugwiritsa ntchito mbali ya ntchito ya wina pofalitsa nkhani zongochitika kumene, koma limapatula zithunzi pa chilolezo chimenecho. Ngati mukukambirana kapena kuunika chithunzi chenichenicho, mwina muli ndi poimira. Ngati mwangochiika kuti nkhani yanu ioneke bwino, musadalire mfundo imeneyi.

5. Pemphani chilolezo molemba

Lembani uthenga waufupi ndi waulemu, wonena kuti ndinu ndani, chithunzi chake ndi chiti, ndi zonse zimene munalemba pa gawo lachiwiri. Pewani kupempha mwachisawawa kuti "kodi ndingagwiritse ntchito chithunzi chanu?", chifukwa yankho lakuti "inde" pa funso lotero limadzabala mkangano tsiku limene inu mudzachiike pa chikwangwani cha malonda pamene wojambula ankaganiza za nkhani imodzi ya pa webusaiti. Chilolezo chabwino chimatchula malo, nthawi, ngati kusintha n'kololedwa, mmene dzina lilembedwere, ndi malipiro ngati alipo. Chimanenanso ngati chithunzicho chaperekedwa kwa inu nokha kapena wojambula angachiperekenso kwa ena. Pakapanda kunenedwa kanthu, dziwani kuti angachipereke kwa ena. Kulipira laisensi sikukusandutsani mwini chithunzi, popeza kusamutsa umwini ndi pangano lina, limene m'mayiko ambiri limayenera kulembedwa ndi kusainidwa.

Wojambula akatchula mtengo musakhumudwe, ndipo musamuuze kuti adzapindula ndi kutchuka. Iye amagula makamera, amayenda maulendo, amathera maola akukonza zithunzi, ndipo laisensi ndi njira imene amapezera zofunika pa moyo. Kukambirana mtengo n'kololedwa. Akakana, nkhani yatha. Akapanda kuyankha, yathanso, chifukwa kukhala chete si kuvomera.

6. Ganizirani anthu amene ali pachithunzi

Chilolezo cha wojambula chimakhudza chithunzi, osati nkhope za anthu amene alipo. Ngati mukutsatsa malonda, kapena mukuika chithunzi pambali pa nkhani ya matenda, umbanda kapena ngongole, mufunika chilolezo cholembedwa cha munthu amene akuonekayo, chimene ojambula amachitchula kuti model release, ndipo ngati ndi mwana amasaina ndi kholo kapena womulera. Funsani wojambula ngati ali nacho. Masamba a zithunzi zaulere nthawi zambiri sakutsimikizirani za chilolezo chimenechi.

7. Ikani chithunzi mogwirizana ndi zimene munalonjeza

Lembani dzina la wojambula pafupi ndi chithunzi, mmene iye anafunira. Musafufute watermark, musaidule, ndipo musachotse metadata mwadala. Pangano la za kopiraiti la 1996 la WIPO, bungwe la United Nations loona za ufulu wa umwini, limauza mayiko kuti alange ochotsa mbiri ya umwini yotere, ndipo ku United States lamulo la DMCA la 1998 limakuona ngati mlandu wapadera, wowonjezera pa wa kukopera. Pangano la ku Berne limapatsanso wojambula ufulu wodziwika kuti ntchito ndi yake ndi wokana kusintha kumene kungamuchotsere ulemu, ngakhale atagulitsa kale maufulu ena.

Musaganize kuti kusintha mitundu, kutembenuza chithunzi kapena kuchijambulanso ndi utoto kumachisandutsa chanu. Palibe lamulo lonena kuti mukasintha gawo lakutilakuti mwamasuka, ngakhale kuti mphekesera imeneyi imamveka kawirikawiri. Mu 2023 khoti lalikulu la ku United States linagamula mokomera wojambula Lynn Goldsmith, amene chithunzi chake cha woimba Prince chinasinthidwa ndi katswiri wa zojambulajambula Andy Warhol. Khotilo linaona kuti kupereka chithunzi chosinthidwacho kwa magazini pa malipiro kunali kugwira ntchito yofanana ndi imene chithunzi choyambirira chimagwira pa msika.

Pa masamba a mchezo, siyanitsani zinthu ziwiri. Wojambula akaika chithunzi pa Facebook kapena Instagram amapereka laisensi ku kampaniyo, osati kwa aliyense wochiona, ndipo pa mlandu wa Morel uja khoti linakana maganizo akuti malamulo a Twitter analola AFP kutenga zithunzizo. Kudina batani logawira ena mkati mwa tsamba lomwelo n'kogwirizana ndi malamulo ake, koma kutsitsa chithunzi kapena kujambula sikirini n'kuchiikanso ngati uthenga wanu ndi kukopera. Kuonetsa uthenga wa wina pa webusaiti yanu kudzera mu njira yotchedwa embed kuli pakati, popeza makhoti a ku United States agamula mosiyana pa nkhaniyi, ndipo kampani kapena nyuzipepala ingachite bwino kupempha chilolezo ngakhale pamenepa. Dziwaninso kuti inu mukaika chithunzi cha wina pa masamba amenewa mumapereka laisensi ku kampaniyo, choncho chilolezo chanu chiyenera kutchula masamba a mchezo momveka.

8. Sungani umboni, ndipo dziwani chochita kalata yodandaula ikafika

Pa chithunzi chilichonse sungani imelo ya chilolezo, lisiti, linki ya kumene munachitenga, ndi chithunzi cha sikirini chosonyeza laisensi pa tsiku limene munachitsitsa. Malaisensi a Creative Commons sabwezedwa, koma wojambula angasiye kupereka chithunzi pa laisensiyo kapena kuchichotsa pa intaneti, ndipo patapita zaka umboni wanu wokha ndi umene udzasonyeze kuti munachitenga movomerezeka. Lembaninso tsiku limene chilolezo chidzathe. Ngati webusaiti yanu inakonzedwa ndi munthu wina, mufunseni malaisensi a zithunzi zonse zimene anaikamo, chifukwa kalata yodandaula imafika kwa mwini webusaiti.

Kalatayo ikafika, musainyalanyaze, koma musalipirenso mothamanga. Pali mauthenga achinyengo amene amanamizira madandaulo a kopiraiti pofuna kuti mudine linki kapena mupereke mawu anu achinsinsi, choncho musadine kanthu. Fufuzani wodandaulayo kudzera pa webusaiti yake yeniyeni. Pemphani umboni wosonyeza kuti iye ndi mwini chithunzicho kapena akuimira mwini wake, ndipo yerekezerani ndi zimene munasunga. Ngati muli ndi laisensi, itumizeni. Ngati mulibe, chotsani chithunzicho pa tsamba komanso m'mafayilo a webusaiti, popeza linki yake ingakhalebe ikugwira ntchito ngakhale sichikuoneka pa tsamba. Kuchotsa kumaimitsa cholakwa koma sikufufuta nthawi imene chithunzicho chinagwiritsidwa ntchito, ndipo wojambula ali ndi ufulu wofuna malipiro a nthawiyo. Ambiri amavomera kukambirana, makamaka ndi munthu amene wayankha msanga ndi mwaulemu. Wojambula angathenso kudandaula ku kampani imene imasunga webusaiti yanu kapena ku tsamba la mchezo, ndipo makampani otsatira DMCA amachotsa chithunzicho n'kutseka maakaunti a anthu olakwa mobwerezabwereza. Ngati ndalama zimene akufuna n'zambiri, kapena kalatayo yatchula za khoti, musasaine kapena kuvomera chilichonse molemba musanaonane ndi loya.